Katundu Amene Salembedwa pa Boda

Amayi anzathu a ku Blantyre, Lilongwe, Chipata, Lusaka, Tete ndi a kuno ku Zimbabwe, landirani moni wochokera kwa ife a nthambi ya Kadoma ndi Chegutu.

Akomiti atatipempha kuti tilembeko mbiri m'kabuku ka chikondwerero aka, tinayamba ndi kuvundukula mabuku akale a msungichuma. Muli zonse m'menemo: amene anaponya masheya, amene anabwereka, amene anachedwa kubweza, ngakhale chindapusa cha amene anafika msonkhano utayamba kale. Koma mwa apo ndi apo timapeza dzina litadulidwa pakati pa chaka, pambali pake atalembapo mawu amodzi okha akuti "anasiya". Ife amene tinalipo tikudziwa kuti ambiri mwa amenewo sanasiye chifukwa cha ndalama zokha. Anatopa, mutu unadzaza, ndipo analibe womuuza. Choncho mbiri imene tasankha kulemba ndi ya kutopa kumeneko: kunachokera kuti, kunatheka bwanji kuti ntchito ya anthu ambiri igwere mayi mmodzi, nanga ife tingachitepo chiyani.

Kawirikawiri timamva anthu akuti amayi akale anali olimba, ankachita zonse osadandaula, ife a masiku ano ndife ofooka. Mawu amenewa amatipweteka chifukwa timawakhulupirira. Koma tikafunsa bwino agogo amene akadali moyo, nkhani yake ndi ina. Ntchito yawo inali yolemetsa kuposa yathu, zoonadi. Kungoti sankaigwira okha.

Mmene zinalili kumudzi

Ambiri a ife kuno makolo athu anali Achewa, Amang'anja ndi Ayao. Kwa mitundu imeneyi mwamuna ndiye ankapita kukakhala kwa mkazi, pa chikamwini. Mkazi ankatsala pakati pa amayi ake, azichemwali ake, amayi aakulu ndi aang'ono, mbumba yonse ili ndi malume woiyang'anira. Akabereka ankakhala m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa. Masiku amenewo sankapita kumadzi, sankasinja, sankaphika. Ena ndiwo ankamuphikira phala ndi kumutenthetsera madzi. Ana ankadya pakhomo lililonse la mbumbayo. Banja likavuta panali ankhoswe oti akhale pansi.

Panalinso mtondo. Amayi ankasinja awiri kapena atatu, uku akuimba, ndipo m'nyimbo zimenezo mkazi ankatha kudandaula za mwamuna waulesi kapena apongozi ovuta, mudzi wonse n'kumva, popanda womuimba mlandu. Zakukhosi zinkatuluka pamodzi ndi gaga. Sitikunena kuti kumudzi kunali kopanda mavuto. Njala inaliko, ana ankamwalira ambiri, nkhanza m'mabanja zinaliko. Koma katundu wa mayi anali ndi mitu ingapo yomusenza.

Ulendo wa kumigodi

Zinayamba kusintha boma la atsamunda ku Nyasaland litakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890. Msonkho unkafuna ndalama, ndipo ndalama zinali kumigodi ndi kumafamu a azungu kum'mwera. Mu 1903 kuno kunakhazikitsidwa bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau, limene anthu analitcha chibalo chifukwa cha nkhanza zake. Mu 1946 kunabwera bungwe lina limene makolo athu ankalitcha Mthandizi. Ena anabwera wapansi, kuwoloka Zambezi cha ku Tete. Ena anakwera malole a Ulere. M'nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, njira inali yotseguka ndipo anthu anabwera ochuluka. Amene sanabwerere kwawo anatchedwa machona.

Oyamba kusenza katundu okha anali akazi otsala kumudzi, amene anayamba kulima, kufolera nyumba ndi kulera ana popanda mwamuna. Achiwiri anali amene anatsatira amuna awo kuno. Amenewa ndiwo agogo athu. Anafikira m'makomboni a mgodi wa Cam and Motor ku Eiffel Flats, wa Dalny ku Chakari, wa Golden Valley ndi wa Patchway, ena m'mafamu ozungulira tauni ziwirizi, zimene mpaka 1982 zinkatchedwa Gatooma ndi Hartley.

Mu komboni mkazi analibe munda wa makolo ake, analibe malume, analibe amayi ake. Nyumba inali ya abwana, ndipo ankakhalamo chifukwa cha ntchito ya mwamuna. Mwamuna akachotsedwa ntchito kapena kumwalira, nyumba yapita. Anzathu Achishona anali ndi kwawo kumene amati kumusha, ndiponso mwambo wa kusungira, woti mkazi wa mimba yoyamba abwerere kwa makolo ake kukachira. Agogo athu kwawo kunali kutsidya kwa maiko awiri. Ankachira m'chipinda chimodzi, mwamuna ali pansi pa mgodi.

Koma sanakhale manja lende. Anamanga mbumba yatsopano ndi anthu amene sanali abale awo. Anayambitsa magulu a maliro kuti mlendo asaikidwe ngati chinyama. Amayi a CCAP ankakumana pa Chigwirizano, Achisilamu kumzikiti, ndipo anankungwi anapitiriza chinamwali pamene amuna ankasunga gule wamkulu. Ankasonkherana sopo, mbale ndi timakobidi, mwezi uno kwa uyu, mwezi wamawa kwa uyo. Ku Malawi mumati chipereganyu, ku Zambia chilimba, ku Mozambique xitique, kuno timati mukando. Dongosolo la mabuku ndi bokosi limene ambiri timatsata lero, lija a ku Malawi mumati banki m'khonde, linayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, koma mtima wake agogo athu anali nawo kale. Gulu lathuli ndi mdzukulu wa kusonkherana kwa m'komboni kuja.

Zaka zimene ntchito zinachuluka

Ife amene lero tili ndi zaka za m'ma 40 tinakula tikumva kulira kwa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Chegutu ndi kuno ku Kadoma. Thonje linkabwera kuchokera ku Sanyati ndi ku Gokwe, ndipo ku Rimuka ndi ku Pfupajena mabanja ambiri ankadalira malipiro a bambo a pakutha pa mwezi. Mayi ankagulitsa masamba pakhomo kapena kuluka madoilo, koma zinali zongothandizira.

Mu 1991 boma linayamba ndondomeko ya chuma yotchedwa ESAP. Mitengo inakwera, sukulu ndi chipatala zinayamba kufuna ndalama zambiri, ndipo nsalu zakunja ndi kaunjika, amene kuno timati mabhero, zinadzaza misika. Mu 1992 kunagwa chilala choopsa. Mafakitale ndi migodi anayamba kuchepetsa antchito. Pa 14 November 1997 dola ya Zimbabwe inagwa kwambiri tsiku limodzi lokha. Abambo athu atakhala pansi, amayi athu ndiwo anakwera basi. Imeneyo inali ntchito yoyamba yowonjezera: kukhala wodyetsa banja.

Yachiwiri inabwera ndi Edzi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anayi alionse m'dziko muno anali ndi kachilombo, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anayamba kupezeka m'zipatala za boma cha mu 2004. Mayi yemwe uja anakhala namwino wa odwala, kenako mayi wa ana amasiye. Palibe wa ife amene sanakulire pamodzi ndi mwana wa malemu.

Mu 2000 mafamu atayamba kulandidwa, antchito ambiri a m'menemo, amene ena mwa iwo anali a kwathu, anasowa kolowera ndipo anadzaunjikana m'nyumba za abale m'tauni. Mu 2001 lamulo la unzika linasintha, moti ife obadwira kuno amene makolo athu anabadwira kunja tinasanduka alendo, ziphaso zathu zili ndi mawu akuti alien. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira kuno amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC. Zaka zonse za pakatipo, kutenga pasipoti yoti ukaodere katundu kapena chiphaso cha mwana chinali chintchito, ndipo woima pamzere anali mayi.

Mu May 2005 kunabwera Murambatsvina. Misika ndi tinyumba ta kuseri zinagwetsedwa, ndipo lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena pogwirira ntchito. Mu 2008 ndalama inasanduka mapepala. Wogulitsa m'mawa ankalephera kuoda madzulo, ndipo magulu ambiri a mukando anasiya kusonkha madola n'kuyamba kusonkha sopo, mafuta ophikira ndi marandi. Chaka chomwecho kolera inabuka, n'kupha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo Chegutu ndi Kadoma anali ena mwa malo amene inakantha kwambiri. Kuyambira pamenepo ndalama yasintha maina kangapo: bondi mu 2016, RTGS mu 2019, ZiG mu April 2024. Nthawi iliyonse woyamba kugona osapeza tulo ndi amene amasunga mpamba m'chitenje.

Ntchito za m'mafakitale zitasowa, amuna ndi ana athu aamuna ambiri analowa m'maenje kukumba golide. Mu February 2019 madzi anasefukira m'migodi ya ku Battlefields, pafupi ndi Kadoma, n'kupha anthu oposa 20. Mayi amene mwana wake ndi korokoza amadzidzimuka foni ikalira usiku. Pa 30 March 2020 dziko linatsekedwa chifukwa cha Covid-19, maboda n'kutsekedwanso, katundu wathu n'kuwolera m'manja.

Tikayala zonsezi pamodzi tikuona kuti chochitika chilichonse chinasiya ntchito yatsopano pamutu pa mayi, ndipo palibe chimene chinachotsapo yakale. Mayi wochita zonse yekha sanachokere ku mwambo wa makolo athu. Anapangidwa ndi msonkho, chibalo, kutha kwa ntchito, matenda ndi kugwa kwa ndalama.

Taganizani ulendo umodzi wokaoda. Kunyamuka pa Kadoma kupita ku Harare, makilomita pafupifupi 140, kukwera basi ya ku Blantyre, kudinditsa pa Nyamapanda, pa Cuchamano, kuwoloka mlatho pa Tete, kudinditsanso pa Zobue ndi pa Mwanza. Pobwerera chikwama chilichonse cha mpunga, usipa ndi zitenje amachitsegula n'kuchilemba. Koma uli pamzere pomwepo foni ikulira: mwana wabwezedwa fizi, wamng'ono watentha thupi, eni nyumba akufuna lendi, kumudzi kwagwa maliro. Kale mayi akachoka anali atachoka. Lero WhatsApp imamutsatira kulikonse, ndipo pa Facebook akuona anzake akuoneka ngati zonse zikuwayendera. Katundu ameneyu palibe wa kasitomu amene amamulemba.

Tsiku limene tinachita manyazi

Nkhani iyi tikuinena ndi chilolezo cha mwini wake, ngakhale dzina sititchula. Anali mmodzi wa ife, mayi wa ana anayi, wogulitsa tomato ndi zitenje, wosaphonya msonkhano. Atabereka mwana wachinayi anabwerera pamsika pasanathe milungu iwiri, chifukwa lendi sidikira. Patapita miyezi iwiri anayamba kujomba. Tinamulembera chindapusa. Anayamba kulakwitsa chenji, kuiwala makasitomala, kukhala chete pabenchi ngati mlendo. Ena anati ulesi, ena anati wadya mpamba, ena anati walodzedwa. Ngongole yake itapitirira masiku, tinanyamuka atatu ndi buku m'manja kukatenga chikole.

Tinamupeza masana dzuwa lili pamutu, atatseka makatani, atakhala pansi. Mwana ankalira pamphasa, tomato atawolera m'dengu. Sanatikanize kalikonse. Anangoti, "Amayi, tengani zimene mwabwerera. Ine ndatopa. Ndikanakonda nditagona osadzukanso."

Buku lija tinaliika pansi. Mmodzi ananyamula mwana, wina anasonkha moto, wina anakhala naye pafupi. Usiku umenewo sitinamusiye yekha, ndipo m'mawa tinapita naye kuchipatala. Anamwino anamufunsa mafunso, n'kutiuza kuti ndi matenda odziwika amene amagwira amayi ena akabereka, ndiponso kuti amachizika. Analandira uphungu ndi mankhwala. Zinatenga miyezi, koma anachira, ngongole anabweza yonse, ndipo lero ali pakati pathu. Chimene chimatiopsa mpaka pano n'chakuti tinapita kumeneko chifukwa cha ndalama. Akanakhala wopanda ngongole, ndani akanagogoda pachitseko chija?

Matendawa ali ndi dzina

Ambiri tinakula tikudziwa kuti matenda a mutu ndi misala basi, ya ku Ingutsheni ku Bulawayo, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 1908, kapena ya ku Zomba kwa inu a ku Malawi. N'chifukwa chake mayi amalolera kunena kuti ali ndi BP, mutu waching'alang'ala kapena zilonda za m'mimba, n'kumamwa panado miyezi, kusiyana n'kunena kuti maganizo amulemera. Anzathu Achishona ali ndi mawu abwino akuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira. M'zaka za m'ma 1990 dokotala Vikram Patel ndi anzake ku Harare anakonza mafunso 14 ochokera pa mawu amene odwala eni ake ankagwiritsa ntchito, ndipo mafunso amenewa akuthandizabe kuzindikira vutoli. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'maiko osauka, pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse amene angobereka kumene amavutika ndi matenda a maganizo, makamaka kukhumudwa. Werengani amayi a pagulu lanu, muone kuti ndi angati amenewo.

Mu 2006 dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Mbare, mu Harare, ndi agogo aakazi 14. Iye amafotokoza kuti chinamukhudza ndi imfa ya wodwala wake wina, mtsikana amene anadzipha banja lake litasowa ndalama ya basi yobwerera kuchipatala. Agogowo anaphunzitsidwa kukhala ndi munthu pabenchi panja pa kiliniki, kumumvetsera, kumuthandiza kutchula mavuto ake onse, kusankhapo limodzi loyamba nalo, ndi kupeza yekha chochita. Masitepe ake amawatcha kuvhura pfungwa, kusimudzira ndi kusimbisa, ndiko kutsegula maganizo, kukweza mtima ndi kulimbikitsa. Mu 2016 zotsatira za kafukufuku wa anthu 573 m'makiliniki 24 a mu Harare, ambiri mwa iwo amayi, zinasindikizidwa m'magazini ya madokotala ya JAMA. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa anthu 100 alionse amene anakhala pabenchi, pafupifupi 14 okha ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa amene sanakhalepo anali pafupifupi 50. Njira imeneyi inafikanso ku Malawi ndi maiko ena.

Ife titamva zimenezi tinakumbukira mtondo wa agogo athu. Chigayo chinatipeputsira manja, koma chinatichotsera malo olankhulira.

Zimene tasintha kuno

Kuchokera tsiku lija, nthambi yathu inagwirizana mfundo zingapo, ndipo tikuzipereka kwa inu kuti muziunike.

Bokosi silitsegulidwa tisanafunsane za moyo. Aliyense amapatsidwa mpata, ndipo yankho lakuti "tili bwino" timalifunsa kawiri. Zolankhulidwa pamenepo zimathera pomwepo. Wozitulutsa pamsika ndiye amalipira chindapusa chachikulu kuposa zonse.

Mayi akajomba kawiri motsatizana, amayi awiri amapita kukamuona, buku litatsala. Nkhani ya ngongole imabwera tsiku lina.

Tinabwezeretsa chikuta. Mayi akabereka, miyezi itatu yoyamba salipira chindapusa ndipo ngongole yake siibala. Mwezi woyamba timasinthana kumugulitsira pabenchi pake ndi kumutumizira chakudya.

Thumba la zadzidzidzi, limene kale linali la maliro okha, tsopano limalipiranso basi yopita kuchipatala, kuphatikizapo ya wodwala maganizo. Tinaona kuti n'zopanda nzeru kusungira munthu ndalama ya bokosi la maliro koma n'kumumana ya basi.

Tinaphunziranso zizindikiro. Mayi akatha milungu iwiri kapena kuposa ali wosasangalala, osagona kapena kungogona, osadya, kulira popanda chifukwa chooneka, kudziona wachabechabe, kusafuna mwana wake kapena malonda ake, ameneyo aperekezedwe kukiliniki. Akayamba kunena za kufa, musamudzudzule ndipo musamusiye yekha. Chotsani mankhwala opopera thonje ndi a makoswe m'nyumbamo, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso mayi wongobereka amene wayamba kumva mawu kapena kulankhula zosagwirizana. Pemphero ndi labwino ndipo ife timapemphera, koma liyendere limodzi ndi chipatala, monga timachitira ndi malungo. Ngati chimene chikumudwalitsa ndi kumenyedwa kunyumba, musamuuze kuti apirire. Muperekezeni kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa.

Chomaliza n'chovuta kuposa zonse: kulola kuthandizidwa. Ambiri a ife timabwera ku ulendo wa masiku anayi n'kuyamba kuchapa, pamene m'nyumba muli bambo ndi anyamata akuluakulu. Ena mwa amuna athu amathandiza akapemphedwa, ena amakana, ena ifeyo ndi amene timawaletsa poopa kusekedwa. Ana aamuna amene tikulera lero ndiwo amuna a ana aakazi a anzathu. Aphunzire kuphika nsima ndi kusambitsa mng'ono wawo.

Tisakunamizeni kuti onse anavomera mosavuta. Ena anati gulu la ndalama si chipatala, ndipo malamulo akafewa bokosi limauma. Anali ndi mfundo. Chaka choyamba zogawana zinatsikako pang'ono, ndipo panapezeka wina amene anabisala kuseri kwa chifundo chathu n'kuthawa ndi ngongole. Mpaka lero timakanganabe kuti chikuta chikhale miyezi itatu kapena iwiri. Koma kuyambira pamene tinasintha, maina odulidwa pakati pa chaka achepa m'buku lathu, ndipo mayi amene watsala m'gulu amaponya masheya zaka zambiri kuposa chindapusa chimene tikanamudula.

Pempho lathu kwa nthambi zonse pa chikondwerero chino ndi laling'ono. Mukabwerera kwanu, tsegulani buku lanu lakale, mupeze dzina limodzi lolembedwa kuti "anasiya". Ngati mwini wake akadali moyo, amayi awiri apite kukamuona mwezi uno. Musatenge buku. Tengani sopo kapena kapaketi ka shuga, mukhale pansi, mumufunse mmene wakhalira.

Ambuye akusungeni m'maulendo anu onse.

Ndife anzanu a ku Kadoma ndi Chegutu.